Kutenga kagalu kotayidwa n'kukalera mu Lusaka: malangizo a pang'onopang'ono

Ambiri mwa ife mu Lusaka muno tinakhalapo ndi kagalu kamene sikanathe mwezi pakhomo. Timakabweretsa Loweruka, ana n'kumalimbirana kukanyamula, pakangotha sabata kayamba kusanza ndi kutsegula m'mimba, kenako tili kuseri kwa nyumba ndi khasu. Ine zinandionekera. Kagalu kanga koyamba ndinakagula kwa mnyamata wina m'mbali mwa msewu, akukakweza m'mwamba kuti a m'magalimoto akaone. Kanali konenepa, ubweya wosalala, koma chinali chikomekome cha mkuyu. Kanakhala nafe masiku 9 okha. Mwana wanga wamkazi anakafunditsa kachitenje kake n'kundifunsa kuti, "Amama, tinakalakwira chiyani?" Yankho ndinali nalo mumtima: sindinakonzeke, ndipo sindinakabayitse katemera.

Galu amene tili naye tsopano, Nyenyezi, tinamutenga kumalo osungirako agalu otayidwa ali ndi miyezi itatu, nthiti zikuwerengeka. Lero akugona pakhonde, wakwanitsa zaka zinayi. Zimene ndalemba pano ndi zomwe tinachita ulendo wachiwiriwu.

Zofunika kukhala nazo kagalu kasanafike

- Mbale ziwiri zachitsulo, ya madzi ndi ya chakudya. Zapulasitiki amazitafuna.
- Kakhola kosadontha, kokwera pang'ono kuchoka pansi, koikidwa pamthunzi.
- Bulangeti lakale ndi zitenje zakutha ziwiri kapena zitatu zosinthira.
- Lamba wofewa wa m'khosi ndi chingwe choyendera. Waya ayi, unyolo ayi.
- Chakudya chokwana milungu iwiri.
- Katoni yaikulu yonyamulira.
- Jik, sopo, ndi kafosholo kowolera chimbudzi.
- Nambala ya dokotala wa ziweto, yosungidwa kale mufoni.
- Ndalama zoika padera za katemera ndi mankhwala a miyezi inayi yoyamba. Imbani foni kwa dokotala mufunse mitengo musanapite kukatenga galu, osati atafika kale.

1. Gwirizanani kaye pakhomo

Galu wosamalidwa bwino amakhala zaka 10 mpaka 15. Mwana amene ali giredi 3 lero, yemwe akulira kuti akufuna kagalu, adzamaliza sukulu galuyo akadali pabwalo akudikira chakudya. Choncho khalani pansi nonse mufunsane poyera: adzamudyetsa m'mawa ndani? Adzawola chimbudzi ndani? Tikapita kumaliro ku Chipata kapena ku Katete kwa sabata yathunthu, adzatsala ndi yani? Ana amalonjeza zonse, koma udindo uli pa wamkulu amene amagwira ndalama.

Ngati mukukhala pa lendi, pitani kwa eni nyumba mukapemphe: "Bambo, tikufuna kusunga galu, kodi mutilola?" Mukakhala pa pulote ya mabanja angapo, monga zilili nyumba zambiri ku Kalingalinga, Mtendere kapena Chawama, lankhulaninso ndi aneba amene mumatunga nawo madzi pa mpopi umodzi.

Chenjezo: agalu ambiri amatayidwa pa nthawi yosamuka. Ngati mukudziwa kuti chaka chamawa mwina mudzalowa m'fulati kapena kusamutsidwa pantchito, dikirani.

2. Yenderani bwalo lanu ngati kagalu

Weramani ndithu, muyang'ane pansi pa geti ndi m'ngalande zotulutsira madzi kumpanda. Pamene pangalowe chibakera chanu, kagalu kakhoza kupanikiza mutu. Tsekani ndi njerwa kapena sefa wa waya. Chotsani mankhwala a makoswe, a mphemvu, feteleza, oilo wa galimoto ndi mawaya a magetsi ali pansi. Vindikirani madiramu ndi zidebe zosungira madzi, chifukwa kagalu kakagweramo sikatha kutuluka.

Funso lalikulu ndi ili: kodi pabwalopo panafera galu wotsegula m'mimba mwa magazi m'chaka chapitachi? Ngati ndi choncho, mwina anali parvo, ndipo kachilombo kake kamakhala m'dothi miyezi yambiri, ngakhale kupitirira chaka. Pa simenti mutha kukapha: sakanizani kapu imodzi ya Jik ndi makapu 30 a madzi, tsukani kaye litsiro la pa simentipo ndi sopo, thirani, musiye mphindi 10. Koma m'dothi ndi mu kapinga Jik sathandiza kwenikweni. Pabwalo lotere tengani galu wokulirapo amene anamaliza katemera wake wonse. Mbale ndi nsanza za galu wakufayo musagwiritsenso ntchito.

3. Kusankha kagalu

Mu Lusaka muli bungwe la Lusaka Animal Welfare Society, lomwe ambiri amangoti LAWS, limene limasunga agalu ndi amphaka otayidwa n'kuwapezera makomo. Madokotala a ziweto nawonso amadziwa anthu amene atola tiagalu n'kumatisunga kunyumba podikira wotitenga. Kumalo otere adzakufunsani mafunso: muli ndi mpanda? Galu adzagona kuti? Mwina adzafuna kuona pakhomo, ndipo pamakhala ndalama yolipira. Musakhumudwe nazo. Anthu amenewa anaona agalu ambiri akubwezedwa ali ndi zilonda za unyolo.

Pitani ndi ana, koma osafulumira. Khalani pansi, mulole tiagalu tibwere tokha. Kamene kakubwera n'kununkhiza dzanja, mchira ukugwedezeka, n'kosavuta kulera pakhomo pa ana. Kamene kakubisala pakona kakunjenjemera kakhoza kudzakhala galu wabwino kwambiri, koma kamafuna munthu wodekha ndi nyumba yopanda phokoso. Dziyeseni nokha moona mtima.

Yang'anani izi ndi maso anu:

- Maso owala, opanda manthongo. Mphuno yopanda mamina.
- Kwezani mlomo muone nkhama. Zikhale zofiirira, osati zoyera.
- Kumchira kukhale kouma, kopanda zizindikiro za kutsegula m'mimba.
- Kamimba kotupa pomwe nthiti zikuoneka ndi chizindikiro cha njoka zam'mimba. Zimachizika, koma dziwiranitu.

Funsani zaka zake, chimene kakudya, katemera amene kalandira, ndipo tengani khadi lake la katemera m'manja. Mawu apakamwa akuti "kanabayidwa kale" si khadi. Kagalu kosakwana milungu 8 kayenera kukhalabe ndi mayi ake kapena anzake obadwa nawo, pokhapokha ngati n'kamasiye.

Ndinenepo za mtundu. Anthu timalimbira German Shepherd ndi Boerboel, koma galu wamkulu amadya ngati munthu wamkulu, ndipo mlingo wa mankhwala ake umakwera ndi kulemera kwake. Agalu athu a makolo, a ubweya waufupi ndi mchira wopindika, amapirira kutentha kwa Okutobala, ndi anzeru, ndipo pa ulonda sagona. Nyenyezi ndi wotere, ndipo sindinamvepo kuti ndinaphonya kanthu.

4. Tsiku lobwera ndi sabata yoyamba

Katengeni m'mawa, tsiku limene mudzakhala pakhomo, makamaka Lachisanu kapena Loweruka. Yalani chitenje m'katoni, kaikeni mmenemo, katoniyo ikhale pamiyendo panu. M'minibasi musayese; pezani galimoto ya mnzanu kapena takisi, ndipo muuzeni dalaivala musanakwere. Musakadyetse kwambiri ulendo usanayambe, kadzasanza.

Mukafika, katsitseni pamalo amene mukufuna kuti kazidzithandizira, kanunkhize. Kenako madzi. Kenako kasiyeni. Ana a aneba adzabwera gulu kudzaona; auzeni abwere tsiku lina. Galu wotayidwa sadziwa kuti wafika kwawo. Nyenyezi anakhala masiku awiri pansi pa mpando wa pakhonde, akudya pokhapokha tikatembenuka. Tsiku lachitatu ndikutsuka mbale ndinangomva kamphuno kozizira kakundigunda pachidendene. Musakakoke kukatulutsa pobisala. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Usiku kadzalira, ndipo apa ndi pamene ambiri amataya mtima. Kaikeni m'katoni m'khitchini kapena pafupi ndi chitseko cha chipinda chanu masiku oyamba, ndi bulangeti ndi botolo la madzi ofunda lokulungidwa m'nsalu. M'miyezi ya Juni ndi Julayi usiku wa Lusaka umazizira kwambiri, kagalu kakang'ono sikayenera kugona panja pa simenti.

Ngati muli kale ndi galu wina, asiyanitseni kufikira dokotala ataona watsopanoyo, ndipo azidyera kosiyana.

5. Kwa dokotala, m'masiku atatu oyamba

Ili ndiye sitepe limene limasiyanitsa kagalu kamoyo ndi kakufa, choncho ndikhalapo pang'ono. Musadikire kuti kadwale. Zipatala za ziweto zilipo zingapo mumzinda, ndipo ku sukulu ya madokotala a ziweto ya Samora Machel ku yunivesite ya UNZA, pa Great East Road, kulinso chipatala cholandira agalu. Mukafika kanyamuleni m'manja, musakatsitse pansi pamene padutsa agalu odwala.

*Katemera.* Pali jakisoni woteteza matenda angapo nthawi imodzi, kuphatikizapo parvo ndi distemper. Woyamba amabayidwa pa milungu 6 mpaka 8, wachiwiri pakatha milungu itatu kapena inayi, wachitatu chimodzimodzi, kufikira kagalu katakwana pafupifupi milungu 16. Apa anthu amalakwa kwambiri: amabayitsa woyamba, n'kuona kagalu kakusewera, basi osabwereranso. Jakisoni mmodzi sakwanira. Lembani masikuwo pa kalendala ya pakhoma. Kufikira womaliza atabayidwa ndi kupitapo sabata kapena ziwiri, kagalu kasatuluke pageti.

Parvo amayamba mwakachetechete: kagalu kakana chakudya, kafooka, kenako kusanza ndi kutsegula m'mimba mwa magazi, fungo lake loipa losaiwalika. Kamafa ndi kutha madzi m'thupi, nthawi zina m'masiku awiri kapena atatu. Mukaona kagalu kakana kudya ndi kusanza, pitani tsiku lomwelo. Ine ndinadikira kuti kuche kawiri.

*Chiwewe.* Katemera wake amabayidwa pa miyezi itatu, ndipo kuno timabwereza chaka ndi chaka. Uyu si wa galu yekha, ndi wa ana anu. Munthu akayamba kuonetsa zizindikiro za chiwewe, kuchira kulibe, ndipo pafupifupi onse amachitenga kwa galu. Chaka chilichonse pa 28 Seputembala dziko lonse limakumbukira za matendawa. Tsikulo likhale chikumbutso chanu choyang'ana khadi. Munthu akalumidwa kapena kukandidwa ndi galu wosadziwika, tsukani balalo ndi sopo pa madzi oyenderera kwa mphindi 15, mupite kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo muuze a zaziweto kuti amuyang'anire galuyo.

*Njoka zam'mimba.* Pafupifupi kagalu kalikonse kotoledwa kali nazo. Mankhwala amaperekedwa milungu iwiri iliyonse kufikira milungu 12, mwezi ndi mwezi kufikira miyezi 6, kenako miyezi itatu iliyonse moyo wonse. Mlingo umatengera kulemera, choncho kakwezedwe pa sikelo. Njoka zina zimalowa mwa ana amene amasewera padothi, n'chifukwa chake chimbudzi chiyenera kuwoledwa tsiku lililonse.

*Nkhupakupa ndi nthata.* Nkhupakupa zimabisala m'makutu, m'khosi ndi pakati pa zala. Zimapatsa galu matenda owononga magazi: amafooka, amatentha thupi, nkhama zimayera, mkodzo umada ngati tiyi wopanda mkaka. Zikatero thamangani, si za mawa. Funsani dokotala mankhwala oyenera msinkhu wa kagalu kanu. Dipi wa ng'ombe wosakaniza mongoyerekeza wapha tiagalu tambiri.

*Mphutsi.* Nyengo ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Epulo, ntchentche ija imene timasitira zovala za makanda poiopa imaikira mazira padothi la pamthunzi ndi pansanza zonunkha mkodzo. Kagalu kamatuluka timatuza tokhala ndi kabowo pakati. Pakanipo Vaseline kuti mphutsi isowe mpweya, dikirani pang'ono, finyani mofatsa ituluke yathunthu, tsukani. Zikachuluka, kwa dokotala. Pogona pakhale pouma, nsanza zizichapidwa ndi kusitidwa.

6. Chakudya

Nsima yokha ndi msuzi wotsala sizikulitsa galu. Kagalu kodya zimenezi kamakula miyendo yopindika ndi ubweya wothothoka. Chosavuta ndi chakudya cha m'thumba cholembedwa kuti n'cha tiagalu. Ngati thumba likukulemerani, phikani nokha, koma nsima kapena phala zikhale ndi ndiwo zenizeni: kapenta woviika kuti mchere uchoke, dzira lowiritsa, zidutswa za nyama kapena chiwindi pang'ono zophika popanda anyezi, ndi dzungu kapena masamba. Muuzeni dokotala zimene mukuphika kuti akuuzeni chosowa.

Kufikira miyezi itatu kazidya kanayi pa tsiku, pang'onopang'ono. Kuyambira miyezi itatu mpaka 6, katatu. Kupitirira apo, kawiri. Mukafuna kusintha chakudya, sakanizani chakale ndi chatsopano kwa sabata imodzi. Kusintha mwadzidzidzi kumatsegula m'mimba. Mkaka wa ng'ombe nawonso umatsegula tiagalu tambiri. Madzi oyera asamasowe m'mbale usana ndi usiku, ndipo masiku amene mipopi yauma, muwerengereni galu pa madzi amene mwasunga.

Chenjezo lalikulu ndi la chuku. Mu Ogasiti 2024 nduna ya zaumoyo, a Elijah Muchima, analengeza kuti agalu pafupifupi 400 anafa m'dziko muno atadya chakudya chopangidwa ndi chimanga chokhala ndi poizoni wa chuku, wotchedwa aflatoxin. Poizoniyu amawononga chiwindi, ndipo kuphika sikumuchotsa. Choncho ufa kapena gaga wonunkha chinyezi, umene inu simungadye, si wopatsa galu. Chakudya chake sungani m'chidebe chotseka, pouma, osati pansi.

Osampatsa: mafupa a nkhuku ophika, chifukwa amasweka ngati singano, anyezi ndi adyo, chokoleti, mphesa, zakudya zowola za m'bini.

7. Kuphunzitsa

M'mera mpoyamba. Chimene mukulola kagalu ka makilogalamu atatu, mudzachipeza mwa galu wa makilogalamu 25.

Za chimbudzi: katulutseni kakangodzuka, kakangomaliza kudya, kakatha kusewera, ndi musanagone, nthawi zonse pamalo amodzi. Kakachita, kayamikireni pomwepo ndi mawu okoma. Kakaipitsa m'nyumba, pukutani mwakachetechete. Kukakhutiza mphuno mu mkodzo kapena kukamenya ndi patapata kumangokaphunzitsa kukuopani, ndipo kadzayamba kukabisala kuseri kwa sofa.

Za kutafuna: pakati pa miyezi itatu ndi 6 mano a ubwana amagwa, nkhama zimayabwa. Kapatseni chingwe chokhuthala chomanga mfundo kapena chidole cholimba. Nsapato yakale musakapatse, sikasiyanitsa yakale ndi ya ku tchalitchi. Kakaluma dzanja posewera, nenani "ayi" kamodzi, siyani masewero, chokanipo.

Dzina likhale limodzi, lalifupi, ndipo mawu olamula akhale ofanana kwa onse. Ngati bambo akuti "khala", mayi "pansi", mwana china, galu amasokonezeka. Mphindi zisanu kawiri pa tsiku, ndi kachidutswa ka chakudya m'manja, zikwanira. Yambani ndi "bwera", chifukwa mawu amenewa adzamupulumutsa tsiku limene geti lidzasiyidwa lotsegula.

Kakadali kakang'ono kazolowere anthu osiyanasiyana pakhomo pomwepo: agogo a ndodo, ana, mlendo wovala chipewa, wantchito wa m'munda. Ananso aphunzitseni: galu akudya kapena akugona sakhudzidwa, mchira ndi makutu sizikokedwa. Mwana wamng'ono asatsale yekha ndi galu, ngakhale wofatsa chotani.

Lamba wa m'khosi muzimuyesa sabata iliyonse. Zala ziwiri zizilowa pansi pake. Kagalu kamakula msanga, ndipo lamba woiwalidwa amalowa m'mnofu.

8. Kulembetsa ndi kutseketsa

Lamulo la Control of Dogs Act, Chapter 247, limafuna kuti galu alembetsedwe ndi kubayidwa katemera wa chiwewe. Tengani khadi la katemera mupite nalo ku khonsolo ya mzinda, ku Civic Centre pa Independence Avenue.

Galu wamkazi akhoza kuyamba kufuna amuna ali ndi miyezi 6, kawiri pa chaka, ndipo bere lake ndi la masiku 63 okha. Tiana 6 kapena 8 ulendo umodzi, mudzatipatsa yani? Umu ndi mmene agalu otayidwa amachulukira. Kambiranani ndi dokotala nthawi yoyenera kutseketsa wamkazi kapena kufula wamwamuna. Ngati munamutenga kumalo osungirako agalu, funsani ngati zinachitika kale. Galu wofulidwa amauwabe wakuba. Chimene amachepetsa ndi kulumpha mpanda kukasaka akazi, komwe amakalumidwa, kugundidwa ndi galimoto, kapena kutenga chotupa chopatsirana pokwerana.

Zolakwa zimene zimabwerezedwa

*Kumufuna "aukali".* Ena amatsekera galu m'kakhola ka mdima usana wonse, kumudyetsa tsabola kapena kumumenya kuti akhale woopsa. Zotsatira zake ndi galu wamantha amene amaluma aliyense, ndipo woyamba kulumidwa amakhala mwana wa pakhomo pomwepo. Galu amalondera malo amene akuwadziwa ndi anthu amene amawakonda. Nyenyezi sanamenyedwepo, koma munthu akangokhudza geti usiku, msewu wonse umadziwa.

*Unyolo wa tsiku lonse.* Ngati mpanda ndi wosakwanira, konzani mpanda. Galu womangidwa padzuwa la Okutobala, mbale ya madzi itagubuduzika, akhoza kufa masana amodzi.

*Mankhwala a anthu.* Brufen amawononga m'mimba ndi impso za galu, ndipo Panado wopereka mongoganiza ndi woopsanso. Oilo wakuda wa galimoto sachiza mphere, amaotcha khungu ndipo galu amamunyambita. Mphere ili ndi mankhwala ake kwa dokotala.

*Kuiwala makombola.* Usiku wolowa chaka chatsopano, ndi nthawi ya mabingu, agalu ambiri amathawa n'kusochera. Mulowetseni m'nyumba kusanade, ndipo pa lamba pake pakhale kachitsulo kolembedwa nambala yanu ya foni.

*Kutopa naye pa miyezi 8.* Apa ukhanda watha, miyendo yatalika, akukumba maluwa, akugwetsa zovala pa chingwe, akuchita ngati waiwala zonse. Ndi msinkhu chabe, ndipo umadutsa. Chimene akusowa ndi kuyenda. Mtengeni pa chingwe m'mamawa kapena madzulo dzuwa litapepa, mphindi 30, tsiku lililonse.

*Kumutaya zinthu zikavuta.* Ntchito imatha, banja limasamuka, matenda amagwa pakhomo. Zikafika poti simungathe, musamukweze galimoto kukamusiya kutchire kapena kumsika poganiza kuti wina amutola. Galu woleredwa pakhomo sadziwa kudzisakira chakudya, amangokhala pamene munamusiyapo akuyang'ana galimoto iliyonse. Imbani foni kumene munamutenga, afotokozereni zoona zake, ndipo pomubweza mupite ndi khadi lake la katemera, mbale yake ndi bulangeti limene amagonera.